Mundiweruze pa zimene ndachita, osati pa kumene ndimapemphera

Ndakhala chete kuyambira Lachiwiri, koma mtima ukukanabe kukhala pansi, choncho ndalemba. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno ku Glasgow, ku Scotland, ndipo tsiku limenelo pa nthawi yopuma ndinapempha mnzanga wina kuti tisinthane shifiti ya Lamulungu, chifukwa kutchalitchi kwathu kuli ubatizo wa mwana wa achemwali anga. Iye anaika kapu ya tiyi patebulo n'kundiyang'ana ngati wandiona koyamba, kenaka anati sankadziwa kuti ndine mmodzi wa anthu aja. Nditafunsa kuti anthu ake ati, anayamba kundiwerengera ndi zala: odana ndi amuna kapena akazi okwatirana okhaokha, opondereza amayi, okana sayansi, ovotera chipani cha Conservative maso ali chitsinzinire. Anamaliza zala zonse asanandifunse funso ngakhale limodzi.

Munthu ameneyu tagwira naye ntchito zaka zinayi. Tanyamulira limodzi agogo kuwachotsa pabedi, tasinthira limodzi zofunda zonyowa pakati pa usiku, ndipo bambo ake atamwalira ndine amene ndinamugwirira mashifiti atatu osadandaula. M'chipinda cha kumapeto muli agogo aamuna amene anakwatirana ndi mwamuna mnzawo, ndipo mnzawoyo akabwera kudzawaona masana aliwonse ndine amene ndimadziwa kuti tiyi wake safuna shuga, ndine amene ndinakhala naye pakhonde akulira tsiku limene agogowo analephera kumuzindikira. Zonsezi mnzangayo anaziona ndi maso ake. Koma mawu amodzi okha akuti tchalitchi anafufuta zaka zinayi, ndipo ine ndinasanduka munthu amene iye anamuonera pa TV.

Chimene chikundiwawa si kusiyana maganizo ayi. Aliyense ali ndi ufulu wondiuza kuti zimene ndimakhulupirira n'zolakwika, ndipo tikhoza kukangana mpaka tiyi kuzizira. Chikundiwawa ndi kupatsidwa mlandu, kuweruzidwa ndi kulangidwa ndisanatsegule pakamwa. Kodi anadziwa bwanji chimene ndimavotera? Kodi chidani chimene akunenacho anachiona liti m'manja mwangamu? Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma anthu ena amene amadzitama kuti salekanitsa munthu aliyense, akangomva kuti wina amapemphera kapena amakonda miyambo yakale, kudekha konse kumathera pomwepo. Amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ngati kuti ife ndife usipa wa m'dengu limodzi.

Ndipo si ine ndekha, pakuti ngakhale anthu amaudindo zimawachitikira dzuwa likuswa mtengo. Mu 2023, Nicola Sturgeon, mtsogoleri wa boma la Scotland pa nthawiyo, atalengeza kuti akutula pansi udindo, Kate Forbes anapikisana nawo pa utsogoleri wa chipani chake cha Scottish National Party (SNP). Mayiyu anali nduna ya zachuma ya Scotland kuyambira 2020, koma mafunso ambiri a masiku oyamba sanali okhudza bajeti, anali okhudza mpingo wake wa Free Church of Scotland. Atayankha mosabisa kuti akanakhala phungu mu 2014 akanavota mokana lamulo la ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha, ngakhale kuti analibe cholinga cholichotsa, ena amene anali kumbali yake anamuthawa m'masiku owerengeka. Anagonja kwa Humza Yousaf atapeza mavoti 48 pa 100 alionse. Amene anakana kumuvotera chifukwa cha maganizo akewo ndilibe nawo mlandu, ndiyo ndale imeneyo. Mlandu wanga uli ndi amene ankanena kuti munthu wa mpingo wotere sayenera n'komwe kuyandikira mpando. Tim Farron nayenso anasiya utsogoleri wa chipani cha Liberal Democrats cha ku Britain mu 2017, atanena yekha kuti zinamuvuta kukhala Mkhristu wokhulupirika ndi mtsogoleri wa chipani nthawi imodzi. Mwina vuto n'lakuti oposa theka la anthu a ku Scotland anati alibe chipembedzo pa kalembera wa 2022, ndiye ambiri alibe Mkhristu amene amadya naye mbale imodzi, koma chimenecho si chifukwa chondinamizira.

Chimene chandipsetsa mtima koposa chinachitika Lachitatu. Mnzanga uja anabwera kudzapepesa, ndipo kupepesa kwake kunali kwakuti iye akumvetsa, si vuto langa, anthu a ku Africa tinangopusitsidwa ndi amishonale. Ndiye kuti dzulo ndinali woipa mtima, lero ndine chitsiru choyenera kumveredwa chisoni. Inde, ndikudziwa bwino kuti anthu a ku Scotland komwe kuno ndi amene anayambitsa mishoni ya Livingstonia mu 1875 ndi ya Blantyre mu 1876, ndipo sindikusowa mphunzitsi pa nkhani imeneyo. Koma papita zaka pafupifupi 150, Baibulo timaliwerenga tokha m'chinenero chathu, timatsutsana tokha m'masinodi athu, ndipo John Chilembwe amene anaukira atsamunda mu 1915 anali m'busa wa mpingo. Kodi iyeyonso anali wopusitsidwa? Agogo anga aakazi, amene ankatsogolera nyimbo ku Chigwirizano cha Amayi koma ankakana mfumu ikagamula mlandu mokondera, kodi analibe nzeru zawozawo? Munthu amene sangaloze n'komwe pamene pali Malawi pa mapu akufuna kundiuza ine chimene chili m'mutu mwanga ndi amene anachiikamo.

Shifiti ya Lamulungu ija ndasinthana ndi munthu wina.