Galimoto ili ndi COF, nanga woyendetsa?

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Dzulo masana bambo ena achikulire anadutsa ndi pikiapu yawo pamalo owolokerapo anthu, ana a sukulu ali pakati pa msewu, osachepetsa liwiro n'komwe. Mwa chisomo cha Mulungu palibe amene anagundidwa. Ataimitsidwa patsogolo, anayankha modekha kuti anawo sanawaone, ndipo anawonjezera kuti anayamba kuyendetsa galimoto nthawi ya Kamuzu koma sanachitepo ngozi. Chimene chandiwawa kwambiri ndi anthu amene anasonkhana pamenepo, chifukwa m'malo mofunsa za maso a bambowo, anangoti: "Asiyeni, ndi akuluakulu."

Tiwasiye bwanji? Munthu amene sakuona mwana wovala yunifolomu dzuwa likuswa mtengo sayenera kukhala pa chiwongolero, kaya ndi agogo athu, kaya ndi akulu a mpingo. Galimoto timaipititsa kukayezedwa mabuleki, magetsi ndi matayala kuti ipeze COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pa msewu, koma munthu amene amaponda mabulekiwo timachita naye manyazi kumuuza kuti akaonane ndi dokotala. Maso amene anapambana mayeso a layisensi zaka makumi anayi zapitazo si amene akuyang'ana msewu lero. Ng'ala imabwera mwakachetechete, shuga amawononga maso, khosi limauma moti kucheuka kumavuta, mankhwala ena amagonetsa, ndipo zonsezi mwini wake ndi amene amachedwa kuzivomera.

Sindikunena kuti aliyense wa imvi alandidwe makiyi. Alipo a zaka 75 amene amayendetsa mwaulemu kuposa anyamata a minibasi. Chimene ndikunena n'chakuti ayezedwe. Ayezedwe maso, ayezedwe makutu, aonedwe ngati phazi likufulumira kuchoka pa moto kupita pa buleki. Akapezeka ali bwino, apitirize ulendo wawo ndipo tiwaombere m'manja. Akapezeka ndi ng'ala, zipatala za maso monga ya Nkhoma ndi ya Lions ku Blantyre zimachotsa, munthu n'kuyambanso kuona. Koma kuyezedwa kokhako kusakhale nkhani yopempha chonde.

Amene akuganiza kuti uku n'kunyoza akuluakulu akumbukire Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi Elizabeth. Mu Januwale 2019, ali ndi zaka 97, galimoto yawo ya Land Rover inawombana ndi ina pafupi ndi Sandringham n'kugubuduka, amayi awiri anavulala, ndipo mwezi wotsatira iwo anabweza layisensi yawo. Ku Britain komweko munthu akafika zaka 70 amakonzetsanso layisensi zaka zitatu zilizonse. Ku Japan, mu Epulo chaka chomwecho, bambo a zaka 87 anaponda moto m'malo mwa buleki ku Ikebukuro mu mzinda wa Tokyo, napha mayi ndi mwana wake wa zaka zitatu. Khoti linawalamula kukhala m'ndende zaka zisanu. Dziko limenelo limayeza kakumbukiridwe ndi kaganizidwe ka madalaivala a zaka 75 kupita m'tsogolo asanawapatsenso layisensi. Kodi anthu a ku Japan salemekeza makolo awo? Amawalemekeza, n'chifukwa chake safuna kuti atsirizire ukalamba wawo m'ndende.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Ife tikudikira kuti pagone maliro a mwana wa eni ake ndiye tiyambe kunong'onezana pa siwa kuti "bambo aja maso anayamba kuvuta kalekale." Ngati munadziwa kalekale, munali kuti? Kukhala chete kumeneko si ulemu, ndi mantha, ndipo magazi akakhetsedwa adzakhalanso pa inu amene munkawatsegulira geti m'mawa uliwonse.

Ndipo inu ana amene muli ku Johannesburg ndi ku London, mumaitanitsira makolo anu galimoto kuchokera ku Japan, n'kulipira msonkho wonse, n'kuika zithunzi pa Facebook kuti anthu akutameni. Pa ndalama zonsezo inasowa yogulira magalasi? Inasowa yolipira mnyamata woti aziwayendetsa popita ku tchalitchi ndi ku munda? Ena mwa inu simudziwa ndi mankhwala omwe amene bambo anu akumwa.