Thirakitala ya gasi imabisa matenda ake

Maganizo anga pa thirakitala yoyendera gasi wa propane ndi akuti anthu ambiri amaopa thanki yake, pamene chimene chimapha makinawa mwakachetechete ndi ukhondo womwewo umene timautamanda. Gasiyu amayaka bwino moti sasiya mwaye wochuluka, ndipo mukasolola kachitsulo koyezera oyilo patapita miyezi ingapo, mumapeza oyiloyo akuoneka ngati wathiridwa dzulo. Mwini thirakitala amanyengeka pamenepo. Oyilo amatha mphamvu chifukwa cha kutentha ndiponso maola amene injini yagwira ntchito, choncho ine ndimamusintha potsatira maola olembedwa m'buku la thirakitalayo, maonekedwe ake sindiwalabadira.

Mavavu a mu injini, amene amatsegula ndi kutseka njira za gasi ndi utsi, nawonso amavutika mobisika. Gasi amalowa mu injini ali wouma, motero malo amene vavu imakhazikikapo amadyeka pang'onopang'ono mpaka mpata umene vavuyo imafunika kuti izitsekeka bwino kutheratu, ndipo amene sayeza mpatawo amadzadzidzimuka injini ikufooka pulawo ili m'nthaka, ntchito ili pakati.

Sindikunena kuti thanki ndi yoseweretsa ayi. Propane amasungidwa m'thanki ali wamadzi ndipo amawira pa madigiri 42 a Celsius kunsi kwa ziro, ndiye akakudonthera pakhungu akadali wamadzi amawotcha ndi kuzizira. N'chifukwa chake sindidzaza thanki wopanda magolovesi. Imadzazidwa kulekeza pa 80 peresenti kuti gasi apeze pofufumira kukatentha. Popeza gasiyu ndi wolemera kuposa mpweya, akathawa amakhazikika pansi ndi m'maenje, choncho madzulo ndimatseka vavu ya pathanki, ndipo polumikizira mapaipi ndimapakapo madzi a sopo n'kuyang'ana ngati pakutuluka thovu. Kampani ya Minneapolis-Moline inayamba kupanga mathirakitala otere mu 1941, ndipo ambiri amene akulimabe lero ndi akale ndithu, mapaipi ake ena anauma n'kuchita ming'alu kalekale.

Chimene ambiri amachiiwala ndi madzi a mu rediyeta. Kachipangizo kamene kamasandutsa gasi wamadzi kukhala mpweya kamadalira kutentha kwa madzi amenewa, ndiye m'mawa kozizira injini imalizidwa ndi gasi amene ali kale mpweya cha kumtunda m'thankimo, kenako ikafunda n'kutsegula wamadzi. Tsiku lina ndinaona kachipangizoka katayera mbee ndi chisanu, injini n'kuzima, ine n'kumakayikira mapulagi, pamene vuto linali madzi amene anachepa mu rediyeta.