Nkhuku yofa yokha musaponyere galu

Ana anga, khalidwe ili ndaliona kokwanira ndipo lindinyansa. Nkhuku yagwa m'khola usiku, m'mawa mwana aigwira mwendo n'kuiponyera galu. Ina ikuwodzera, mutu watupa, lipombo lachita bii, inu mpeni m'manja kuti isafe yokha, ndiwo zapezeka. Matumbo mupatsa mphaka, nthenga mwana akuseweretsa. Mukafunsidwa, yankho n'limodzi: ndi chitopa basi. Munaiyeza ndinu?

Kunjaku kuli chimfine cha mbalame, kachilombo ka H5N1, ndipo kanasiya kale kukhala ka mbalame zokha. Ku Hong Kong mu 1997 kanadwalitsa anthu 18, asanu ndi mmodzi anamwalira, boma n'kupha nkhuku zonse mumzindawo. Ku Spain mu 2022 kanalowa pafamu ya tinyama taubweya totchedwa mink, zonse zinaphedwa. Ku Peru mu 2023 nyama zoyamwitsa za m'nyanja zotchedwa sea lion masauzande zinafera m'mphepete mwa madzi.

Koma imene yandisowetsa tulo ndi ya ku Texas, m'dziko la America, mu Marichi 2024. Ng'ombe za mkaka zinasiya kudya, mkaka wake unasanduka wachikasu ndi wolemera. Amphaka a pafamu ina anamwetsedwa mkaka wosawiritsawo, ndipo oposa theka anafa, ena atachita khungu, akuzungulirazungulira ngati oledzera. Munthu wogwira ntchito pakati pa ng'ombe zodwala anafiira maso psuu. Ng'ombe, abale anga! Chakudza sichiimba ng'oma. Kachilomboka kakamalowa m'nyama zoyamwitsa, kamapeza mpata wosintha, ndipo thupi la nkhumba ndiye loopsa kwambiri chifukwa limalandira chimfine cha mbalame ndi cha anthu chomwe. Nanga inu mukataya nkhuku zakufa kudzala kumene nkhumba zimafukula, mukuti mukuchita chiyani?

Inunso otchera mbalame ku Chilwa, kumene kumatera mbalame zochokera kutali, yomwe mwaipeza yofa kale isiyeni.

Nkhuku zikayamba kufa motsatizana, itanani mlangizi wa ziweto tsiku lomwelo. Valani jumbo m'manja, kumbani dzenje lakuya loti galu sangafukule, kwirirani, kenako sambani ndi sopo. Mkaka wiritsani mpaka ubwadamuke, wa mwana ndi wa mphaka womwe. Ndipo nkhuku zotsala musathamangire nazo kumsika.