Ndalamazo zikufika kwa ongoyamba kumene?

Nkhani yanuyi yoti ku Canada akuthandiza eni nthaka kupanga mafilimu ndiyabwino ndithu koma tisafulumire kuombera m'manja. Indigenous Screen Office, ofesi yothandiza eni nthakawo pa za mafilimu, anaikhazikitsa mu 2017, boma linadzaponyamo madola oposa 40 miliyoni mu 2021, chabwino, nanga zikumafika kwa ndani? Mwana wachi Inuit, mtundu wina wa eni nthakawo, ali ku Nunavut uko kumpoto kwenikweni kwa Canada, kulibe nsewu wopita ku Toronto, ndege basi ndipo tikiti yake yodula koopsa, intaneti nayonso yovuta, ndiye apikisane bwanji ndi anzake a mtauni odziwa kale kulemba mapulopozo? Kubwereka kamera ndi ndalamanso. Azimupatsako kaye kangachepe ajambule kafilimu kakafupi mu Inuktitut, chilankhulo chakwawo, osati kumufunsa CV yaitali munthu woti akungoyamba kumene aaa.