Kanyali ka pa uta kaloledwe, koma sikagula mphindi za mdima

Nyengo yosaka agwape ndi uta ikamayandikira kuno ku America, mkangano wa kanyali ka pa sight, chochalira cha pa uta, sulephera kubuka pakati pa alenje. Ine ndili kumbali ya amene akuti kaloledwe. Komabe mawu anga olemera ndawasungira anzanga a mbali yomweyi, chifukwa ambiri akukagula ndi cholinga chimene chimapweteketsa nyama.

Ndifotokoze kaye kwa abale amene simunagwirepo uta wamakono. Uta wa compound, wa timawilo kunsonga uja, umene Holless Wilbur Allen wa ku Missouri anapatsidwa umwini wake mu 1969, umakhala ndi sight, kamkombero kokhala ndi timapini titatu kapena tisanu. Kapini kena nka mayadi 20, kena 30, kena 40. Kunsonga kwa kapini kalikonse kumathera kaulusi ka fiber optic, kamene kamatola kuwala kwa kunja nkumayaka mobiriwira kapena mofiira popanda batire. Dzuwa likalowa, kaulusiko kamazilala. Kanyali tikunenaka ndi kababu ka LED ka batire, komangidwa pa sight pomwepo, ndipo ntchito yake ndi imodzi basi, kuwalitsa timapinito.

Sikaunikira nyama. Ndikudziwa kuti ambiri tikamva za nyali ndi ulenje timaganiza za tochi yapamphumi pakati pa usiku, nyama itangoti chilili, maso ali nyezinyezi. Zimenezo posaka agwape nkuno komwe nzoletsedwa, ndipo ziyenera kuletsedwa. Kanyali aka kuwala kwake kumathera pamaso pa mlenje.

Lamulo la dziko lonse pankhaniyi kulibe, chigawo chilichonse chili ndi lake. Ku Pennsylvania timapini towala ndi tololedwa malinga ngati sitikuponya kuwala kwa nyama. Kumadzulo zinthu nzosiyana. Colorado, Oregon ndi Montana salola chipangizo cha batire chochalira pa uta. Idaho imaletsa ngakhale timapini ta tritium, mpweya umene umawalitsa timapinito popanda batire kwa zaka zambiri, ndipo ngakhale timagetsi ta kumchira kwa muvi, tongothandiza kuona kumene muvi wapita, tinaloledwa kumeneko mu 2022 momwemu. Palinso bungwe la Pope and Young Club, lomwe linakhazikitsidwa mu 1961 ndipo limasunga kaundula wa nyama zikuluzikulu zophedwa ndi uta. Ilo sililemba nyama yophedwa ndi uta wokhala ndi chipangizo chamagetsi chothandiza kuchalira, ngakhale chigawo chako chikuvomereza. Choncho amene mukuwoloka malire kukasaka kwina, werengani kabuku ka malamulo ka chaka chimenecho musanapakire uta, chifukwa mlonda wa nyama sadzamva zoti kwanu nzololedwa.

Anthu a kumadzulowa sindiwanyoza, mfundo yawo ndi yolemera. Kuyambira pamene Wisconsin inatsegula nyengo yoyamba yosaka ndi uta mu 1934, alenje a uta akhala akupatsidwa masabata ambiri kuposa a mfuti pa chifukwa chimodzi, choti kupha ndi uta nkovuta. Uyenera kuyandikira, kusamala mphepo, kukoka nsinga nyama ili pomwepo osakuona. Iwo akuti tikamalola chipangizo chilichonse chatsopano, tsiku lina uta udzasiya kuvuta, nyama zambiri zidzagwa, ndipo akuluakulu oyang'anira nyama adzadula nyengoyo. Nzoona. Mu 2018 kampani ya Garmin inatulutsa sight yotchedwa Xero, imene imayeza yokha mtunda ndi laser nkukuyatsira kadontho pamene uyenera kuloza. Apo ndiye ndimaima nawo limodzi, chifukwa kuyerekeza mtunda ndi luso la mlenje, ndipo makinawo alilanda.

Koma kababu kowalitsa pini sikayeza mtunda, sikawonjezera liwiro la muvi, sikagwira mkono wonjenjemera. Kuika zinthu ziwirizi m'thumba limodzi chifukwa zonse zili ndi batire ndi pamene ndikusiyana nawo. Mzere woyenera ndi umene Pennsylvania inajambula, wofunsa ngati kuwalako kukufika pa nyama kapena ayi.

Ndipo alipo anthu amene kanyalika amakafunadi. Mlenje wokhala m'katenti kobisalamo ka pansi amakhala mumdima dala kuti gwape asaone kusuntha kwake. Panja pakhoza kukhala powala bwinobwino, nyama ikuoneka ubweya ndi ubweya, koma timapini tili bii chifukwa kaulusi kaja sikakulandira kuwala. Ganiziraninso bambo wa zaka 60 amene maso ake sathanso kuona bwino zapafupi, kapena mwana amene wangoyamba kumene ndipo akusakira pansi ndi agogo ake. Kuwamana kanyali sikuteteza gwape, kumangochititsa kuti muvi ukalase pamalo olakwika.

Tsopano kwa inu anzanga okagulira kachisisira. Ku Pennsylvania ndi ku Michigan lamulo limalola kuponya kuyambira mphindi 30 dzuwa lisanatuluke mpaka mphindi 30 litalowa, ku Wisconsin madzulo ndi mphindi 20. Agwape a whitetail amakonda kuyenda nthawi yomweyo, mbandakucha ndi kachisisira, ndiye mtima umakhala m'mwamba mphindi zomalizazo. Koma wotchi ya lamulo inawerengera dzuwa, sinawerengere mitambo kapena mthunzi wa nkhalango yowirira. Pansi pa mitengo ya hemlock mdima umafika msanga, nthawi ya lamulo ikadalipo.

Apa ndi pamene kanyalika kamanamiza munthu. Ukakayatsa kwambiri, kadontho kamafufuma, kuwala kwake nkuphimba chifuwa chonse cha nyama. Diso lako limazolowera chowala chili pafupicho, zakutsogolo nkuderatu. Onjezanipo kuti ukusuzumira pa kabowo kakang'ono ka pa nsinga kotchedwa peep, kamenenso kamachepetsa kuwala. Pini ukuiona bwino kwabasi, ndipo mtima umakuuza kuti zonse zili bwino, pamene gwapeyo wasanduka chithunzithunzi. Sukuona ngati waima mopingasa kapena wapendekera kwa iwe. Sukuona kanthambi kamene kali pakati panu. M'madera ambiri a Pennsylvania gwape wamphongo ayenera kukhala ndi nsonga zitatu kunyanga ya mbali imodzi, lamulo limene linayamba mu 2002, ndiye nsongazo uziwerenga bwanji?

Muvi umapha ndi kutaya magazi. Ukadutsa m'mapapo onse awiri, kuseri kwa mwendo wakutsogolo, nyama imagwa patangopita masekondi ochepa. Ukaphonya pang'ono nkulowa m'matumbo, nyamayo imavutika maola ambiri, iwe uyenera kudikira mpaka kucha usanayambe kulondola magazi, ndipo nthawi zambiri ankhandwe otchedwa coyote amakhala atayamba kale kudya. Zimenezi zimandiwawa, ndipo nzimene zimapatsa mphamvu anthu ofuna kuti kanyalika kaletsedwe paliponse.

Ngati chigawo chanu chikulola, gulani kokhala ndi potembenuza kuwala, ndipo muzikayatsa pang'ono penipeni, pongokwana kuti pini ioneke. Nthawi zambiri peep yokulirapo ndi pini yonenepa inchi .019 m'malo mwa yopyapyala ya .010 zimathandiza kuposa batire. Musanapite kutchire, imikani chandamale chooneka ngati gwape pamthunzi, pa mayadi 20, muziponya dzuwa litalowa uku mukuyang'ana wotchi. Mudzapeza mphindi imene mzere wa kuseri kwa phewa umasowa m'maso mwanu. Kwa ambiri imafika nthawi ya lamulo isanathe, ndipo kuyambira pamenepo muvi uzibwerera m'phodo, pini iwale kapena isawale.