Ndalama zanga zinkathera mu bini

Anzanga, lero ndiulule kanthu kochititsa manyazi. Kwa zaka zambiri ndinkadzitama kuti pogula zinthu za pakhomo palibe wondiposa. Ndikangomva kuti kwinakwake atsitsa mitengo, ine ulendo. Ndinkabwerako manja onse ali ndi zikwama, thukuta lili kamukamu, n'kumauza aliyense m'nyumba kuti lero ndapulumutsa ndalama zambiri. Koma mwezi usanathe m'thumba munkakhala muli mbee, ndipo sindinkamvetsa kuti zapita kuti.

Yankho ndinalipeza Loweruka lina ndikutsuka firiji. Pansi penipeni panali tomato asanu atachita nkhungu yoyera. Masamba amene ndinagula mitolo itatu chifukwa wogulitsa anandiika banyira anali atasungunukira m'pepala la pulasitiki, fungo lake osanena. Kumbuyo kunali mkaka wowawasa, theka la kabichi litada m'mbali, ndi mpunga wophika umene ndinaiwala tsiku lomwe ndinauikamo. Ndinayala zonsezo pa nyuzipepala yakale n'kukhala pansi kuziyang'ana. Chilichonse pamenepo ndinachigula ndikusangalala kuti n'chotchipa. Palibe chimene chinalowa m'mimba mwa munthu.

Kuyambira tsiku limenelo maganizo anga ndi awa: ambirife timalimbana ndi mtengo wolembedwa pa shelefu, pomwe ndalama zimatithera kukhitchini. Si ine ndekha. Lipoti la 2024 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linanena kuti mu 2022 dziko lapansi linataya chakudya chokwana matani 1.05 biliyoni, ndipo 60 peresenti ya chakudya chimenechi chinatayidwa m'makomo. Chotayidwa m'makomocho, pa munthu mmodzi ndi makilogalamu 79 pa chaka. Tangoganizani kunyamula katundu wolemera ngati munthu wamkulu kuchokera kumsika, kumulipira, kenako kukamutaya kudzala.

Musandimve molakwa, mashopu nawo si angelo. Kalekale munthu ankapereka mndandanda wake kwa wogulitsa, iye n'kumutengera zimene walembazo basi. Mu 1916 Clarence Saunders anatsegula sitolo ya Piggly Wiggly mumzinda wa Memphis ku America momwe wogula ankadzitengera yekha katundu, ndipo maso anayamba kugula zimene mutu sunakonze. Mu 1937 Sylvan Goldman wa ku Oklahoma City anabweretsa trolley, ataona kuti basiketi ikayamba kulemera anthu amasiya kutola zinthu. Poyamba anthu ankaikana, mpaka analemba ganyu anthu ena kuti aziikankha m'sitolomo ngati akugula. Ndiye mukamakankha trolley yaikulu ija, zinthu zanu zitatu zikuoneka ngati zamasiye pakona, dziwani kuti manyazi mukumvawo ndi amene mwini shopu akudalira. Ine masiku ano ndimatenga basiketi. Dzanja likayamba kuwawa ndiye kuti nthawi yopita kukalipira yakwana.

Palinso za pa shelefu. Zinthu zimene akufuna muzigule kwambiri amaziika polunjika maso, zotchipa zimakhala pansi kapena m'mwamba. Weramani, palibe amene adzakusekeni. Ndipo paketi yaikulu si nthawi zonse imakhala yotchipa. Tulutsani foni, gawani mtengo ndi kulemera kwake, muone kilogalamu imodzi ikukwana zingati. Ndinapezapo mapaketi awiri a magalamu 500 akutchipa kuposa imodzi ya kilogalamu, pa shelefu yomweyo. Nthawi ina botolo limene ndinazolowera kuti ndi lita imodzi ndinadzaliwerenga bwino lili mamililita 900, mtengo uli womwewo, maonekedwe osasintha.

Koma zimenezi n'zazing'ono poyerekeza ndi za kunyumba zija. Chimene chinandisintha kwambiri ndi chizolowezi chimodzi chopepuka: ndisanatuluke pakhomo ndimatsegula kabati ndi firiji, n'kuyamba ndaona zimene zilipo. Mndandanda ndimaulemba nditaima pomwepo, osati ndili pabedi kumangoganizira. Kale ndinkagula mchere ndili nawo kale mapaketi awiri kuseri kwa shuga. Ndikabwera ndi zatsopano, zakale ndimazikokera kutsogolo, zatsopano kumbuyo. Chimene chili kumbuyo diso silichiona, ndipo chimene diso silikuchiona chimaola mwakachetechete.

Kasungidwe nakonso kali ndi nzeru zake. Nthochi, maapulo ndi tomato zikamapsa zimatulutsa mpweya wotchedwa ethylene umene umafulumizitsa zinzake kupsa, ndiye mukaziunjika m'mbale imodzi ndi masamba mukudzipweteka nokha. Anyezi amafuna pouma podutsa mphepo, osati m'pulasitiki. Mbatatesi zimafuna pamdima, zikaona kuwala zimabiriwira. Ufa, mpunga ndi nyemba, chidebe chotseka bwino, apo ayi mukudyetsa anankafumbwe.

Nkhani ya madeti olembedwa pa paketi imanditayitsanso zambiri kale. Pakalembedwa "use by", pamenepo osachita masewera, makamaka pa nyama, nsomba ndi mkaka, chifukwa ndi nkhani ya moyo. Koma "best before" amangonena za kukoma ndi maonekedwe. Mabisiketi kapena pasta zikadutsa tsikulo pang'ono, ngati paketi sinabooke ndipo zinasungidwa pouma, sizisanduka poizoni pakati pa usiku. Ine ndinkataya zonse mofanana.

Tsopano pali malangizo amodzi amene amandikwiyitsa, aja oti "muzigula zambiri nthawi imodzi, zimatchipa." Zoona, pa sopo, mafuta ophikira, shuga ndi zina zosaola msanga zimathandiza. Koma amene amalankhula zimenezi nthawi zambiri ndi munthu wolandira ndalama yake pamodzi, wokhala ndi firiji yoyenda bwino ndi malo osungira. Nanga wopeza ndalama ya lero lokha? Iyeyo amagula pang'onopang'ono, ndipo pamapeto pake amalipira zambiri pa kilogalamu kuposa wolemera. Si kuti sadziwa masamu. Katswiri wina wa ku Germany, Ernst Engel, anaonetsa kale mu 1857 kuti banja likakhala losauka, gawo lalikulu la ndalama zake limapita ku chakudya. Munthu wotere kumuuza kuti akagule thumba lonse n'kumunyoza. Chimene ndaona chikugwira ntchito ndi kusonkherana: mabanja awiri kapena atatu kugula chachikulu chimodzi n'kugawana. Kungoti sankhani anthu oti pogawana simudzayambana pa kapu imodzi ya shuga, chifukwa ine ubwenzi wina unatsala pang'ono kuthera pamenepo.

Za kupita kumsika uli ndi njala sindinena zambiri, tonse tikudziwa zimene zimachitika. Za kupita ndi ana, makolo anzanga mukudziwa chifukwa chake maswiti amawaika pafupi ndi polipirira, pa msinkhu wa mwana wa zaka zinayi.

Tsiku limodzi pa mlungu kwathu sitigula kanthu. Timaphika zotsala: karoti wofota, anyezi watheka, tomato wofewa, zonse mumphika umodzi. Poyamba ana ankakwinya nkhope, pano analitcha tsiku la "tione zilipo". Pachitseko cha firiji ndinamata kapepala komwe ndimalemba chilichonse chimene ndataya. Mwezi woyamba kanadzaza mbali zonse ziwiri. Mwezi wathawu pali mizere itatu yokha, ndipo iwiri mwa iyo ndi masamba omwe aja a banyira, chifukwa mpaka lero wogulitsa akandiwonjezera mtolo ndimalephera kukana.