Pa nkhani ya mfuti, a ku Joni asatiseke

Zimandiwawa kumva abale obwera ku Joni akunyoza pa depoti ya Zomba kuti kuno tinagona chifukwa munthu wamba sagula mfuti mwachisawawa. Abale anga, ngakhale ku South Africa mfuti sagula ngati tomato.

Lamulo lawo la Firearms Control Act la 2000 ndi lokhwima. Ukhale ndi zaka 21, uphunzire kugwira mfuti kwa ophunzitsa ovomerezeka, apolisi atenge zidindo za zala, upeze chikalata chosonyeza kuti ndiwe woyenera, kenako upemphe laisensi ya mfuti imeneyo, yokhala ndi nambala yake. Kunyumba kukhale bokosi lachitsulo lomangidwa ndi mabawuti kukhoma kapena pansi. Laisensi yodzitetezera imakhala zaka 5, ndipo uyenera kupemphanso kusanatsale masiku 90 kuti ithe. Ukaphonya, mfuti yako yomweyo yasanduka mlandu. Zipolopolo zisapitirire 200.

Apa ndivomere, atiposa. Lathu la Firearms Act ndi la 1967, nthawi ya Kamuzu, ndipo lakalamba. Za bokosi lija ndi maphunziro aja tikanatengera lero lomwe.

Koma lamulo lokongolalo lawapindulira chiyani? Mu 2016 mkulu wina wa apolisi kumeneko anagamulidwa zaka 18 atagulitsa mfuti pafupifupi 2,000 zimene zinayenera kuphwanyidwa. Zambiri zinakathera m'manja mwa zigawenga za ku Cape Town, zinapha ndi ana omwe. Mpanda unali wolimba, koma mbuzi anatulutsa ndi mlonda. Ndiye wina adzatiuze kuti ife ndife ogona? Ku Johannesburg anthu amagona m'mipanda ya magetsi; pa Chinamwali amayi amagulitsa mandasi mpaka mdima.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kum'mawaku, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa. Nkhondo ya ku Mozambique inatha mu 1992, koma AK-47 zambiri zinatsala zokwiriridwa, ndipo malire a kumeneko munthu amadutsa pa bwato kapena pa njinga. A ku Mozambique anayesetsa: kuyambira 1995 mipingo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inkalandira mfuti n'kupereka makasu, njinga ndi makina osokera. Kwathu kuno wosunga gogodela ya malemu agogo ake amaopa kuti akapita nayo kupolisi amutsekera, ndiye amangoisomeka kudenga, dzimbiri likudya mpope, ana akusewera pansi pake.